Majini a m'matumbo ayamba kulankhula, nanga wodwala wamva chiyani?

Pa matenda onse amene anthufe timachita nawo manyazi, a m'matumbo ndiwo ali patsogolo. Munthu adzakufotokozerani za mutu waching'alang'ala, za nyamakazi, ngakhale za shuga, koma akayamba kuona magazi kuchimbudzi amangoti m'mimba simuli bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepani awerengi, lero tikamba za komweko. Ndikufuna tione ntchito imene akatswiri a sayansi akhala akugwira kwa zaka zoposa 30, yofufuza mmene majini a m'matumbo amagwirira ntchito mwa anthu odwala kutupa kwa matumbo kosatha, ndi chifukwa chake ena mwa odwalawa amadzagwidwa ndi khansa. Maganizo anga ndiwanena pachiyambi pomwe pano. Kafukufukuyu ndi wabwino ndipo apitirire, koma tizimuyeza ndi funso limodzi: kodi akuthandiza wodwala kudziwa ngati thumbo lake lichotsedwe kapena lisiyidwe? Mpaka lero wayandikira koma sadafike, ndipo wina akakuuzani kuti wafika, mufunseni umboni musanapise dzanja m'thumba.

Tiyambe ndi nthendayo. Madokotala amaitchula mwachidule kuti IBD, ndipo ili mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi ulcerative colitis, umene dokotala wa ku London, Samuel Wilks, adaufotokoza mu 1859. Uwu umadya khungu la m'kati mwa thumbo lalikulu, kuyambira kumusi kotulukira chimbudzi n'kumakwera. Wachiwiri ndi nthenda ya Crohn, imene Burrill Crohn ndi anzake awiri, Leon Ginzburg ndi Gordon Oppenheimer, adailemba mu 1932 ali pa chipatala cha Mount Sinai ku New York. Iyi imatha kugwira paliponse, kuyambira m'kamwa mpaka kumusi. Si kamwazi wamba wotha ndi mapiritsi a masiku asanu ayi. Apa palibe kachilombo kamodzi kakuti ukaphe. Ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimalusira matumbo a mwini wake, ngati galu woluma mbuyake, ndipo nthendayo imazilala n'kubukanso moyo wonse. Imakonda kuyamba munthu akadali wachinyamata. Chiwerengero cha 2017 chidaonetsa kuti anthu pafupifupi 6.8 miliyoni padziko lonse anali nayo.

Zakuti nthendayi imatha kubala khansa zidadziwika kale. Mu 1925 Crohn yemweyo adalemba za wodwala colitis amene adapezeka ndi khansa kumusi kwa thumbo. Mu 2001 Jayne Eaden ndi anzake a ku Leicester adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 116, napeza kuti mwa odwala colitis 100 alionse, 2 amakhala atagwidwa ndi khansa pakatha zaka 10, 8 pakatha zaka 20, ndipo 18 pakatha zaka 30. Ziwerengero za pambuyo pake zidatsikako. Pa chipatala cha St Mark's ku London, pamene adayamba kuunika odwalawa mwadongosolo mu 1971, lipoti la 2006 lidapeza 2.5 pa 100 pakatha zaka 20, ndi 7.6 pakatha zaka 30. Komabe mu 2020 akatswiri a ku Sweden ndi Denmark, atatsata odwala oposa 96,000, adapeza kuti pamene anthu wamba 10 akugwidwa ndi khansa ya m'thumbo, mwa odwala colitis ochuluka chimodzimodzi amagwidwa 16 kapena 17. Mwaona tsono: ambiri sadzadwala khansa n'komwe, koma ena adzadwala, ndipo palibe amene amabadwa ndi chizindikiro pamphumi.

Pamphambano

Malangizo a madokotala ku Ulaya ndi ku America amati munthu amene thumbo lake lalikulu lakhala likutupa kwa zaka pafupifupi 8 ayambe kuunikidwa ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kolowetsa chakumusi, ndipo azibwerera pakatha chaka chimodzi, zitatu kapena zisanu, malinga ndi mmene thumbolo lilili. Tsikulo lisanafike wodwala amamwa mankhwala otsuka m'mimba n'kuchezera kuchimbudzi. Dokotala amatapa tinyama ting'onoting'ono n'kutitumiza kwa katswiri wa maikulosikopu. Katswiriyo akapeza maselo amene ayamba kupotoka koma sadasanduke khansa, zimene amazitcha dysplasia, m'pamene mutu umaima. Ngati kupotokako kuli pamalo amodzi ooneka bwino, amadula pomwepo ndi kapaipi komweko. Koma ngati n'kosaoneka ndi maso, kapena kwamwazikana, wodwala amaikidwa pamphambano: achotsetse thumbo lonse lalikulu, mwina n'kumayenda ndi thumba lolandira chimbudzi pamimba, kapena adikire n'kumagona ndi mantha. Akachotsetsa, mwina wataya thumbo limene silikadamupha. Akadikira, mwina khansa idzadziwika itafika kale ku chiwindi. Chowawa china n'chakuti akatswiri a maikulosikopu nawonso sagwirizana nthawi zonse: kanyama kamodzi komweko wina amati kapotoka, wina amati n'kutupa chabe. Munthu woima pamphambano imeneyi, amene kawirikawiri ali ndi ana aang'ono ndi ntchito yoti asunge, ndiye mwini kafukufuku yense amene ndikukambayu, osati pulofesa wolandira mphotho.

Nanga majini alowapo bwanji? Ndisanapitirire, majini amene ndikunena pano si aja a kunyanja ogwira anthu n'kumawalankhulitsa zachilendo ayi. Awa ndi malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA, m'kati mwa maselo a thupi lathu. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opangira mapulotini. Selo la m'diso ndi selo la m'thumbo ali ndi buku limodzimodzi, koma sawerenga masamba ofanana. Taganizirani za buku la nyimbo kutchalitchi. Buku ndi lomwelo chaka chonse, koma nyimbo za pamaliro si za paukwati, ndipo munthu wodutsa kunja kwa mpanda amadziwa zimene zikuchitika m'katimo pongomva nyimbo. Selo likafuna kugwiritsa ntchito jini, limayamba lakopera tsamba limenelo pa kachikalata kotchedwa RNA. Ukawerenga tizikalata timeneti m'kanyama ka m'thumbo, umadziwa majini amene akuimbidwa mokweza ndi amene atontholetsedwa. Kufufuza kagwiridwe ntchito ka majini ndi kumeneku. N'kosiyana ndi kufufuza ngati tsamba lenilenilo lang'ambika kapena lalembedwa molakwika, ngakhale ntchito ziwirizi zimayendera limodzi.

Kale ankawerenga jini limodzilimodzi. Mu 1995 Patrick Brown ndi anzake pa yunivesite ya Stanford adaonetsa njira yoyezera majini ambiri nthawi imodzi pa kagalasi kakang'ono. Adayamba ndi majini 45 a kachomera kena, koma pasanathe zaka 10 kagalasi kamodzi kankanyamula pafupifupi majini onse a munthu. Cha m'ma 2008 kudabwera njira yowerengera RNA ndi makina, ndipo lero amatha kuwerenga selo limodzi palokha. Mu 2019 gulu la ku Broad Institute ku America lidawerenga maselo oposa 360,000 a m'matumbo a odwala colitis 18 ndi anthu abwinobwino 12, n'kupezamo mitundu 51 ya maselo. Zotsatira zambiri zotere zimasungidwa poyera m'nkhokwe ya boma la America yotchedwa GEO, imene idatsegulidwa mu 2000, ndipo aliyense wokhala ndi kompyuta ndi intaneti akhoza kuzitenga ulere.

Zitatu zimene taphunzira

Choyamba, khansa iyi si mphwake wa khansa ya m'thumbo yofala ija. Ndi mlendo wodzera njira yakeyake. Njira ya khansa yofalayo adailongosola Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku Johns Hopkins mu 1990, ena n'kudzawonjezera pambuyo pake. Jini lotchedwa APC ndilo limayamba kuwonongeka, n'kumera kachotupa konga kabowa kamene dokotala amakaona n'kukadula, ndipo jini la p53, mlonda wamkulu woletsa selo lowonongeka kuti lisaswane, limagwa kumapeto. Mwa odwala colitis zinthu zimayenda chobwerera. Mu 1994 Teresa Brentnall ndi anzake ku Seattle adaonetsa kuti p53 amawonongeka koyambirira. Mu 2016 madokotala a pa Memorial Sloan Kettering ku New York adayeza zotupa za odwala IBD 47, napeza p53 atawonongeka mwa 89 pa 100 alionse, koma APC mwa 21 okha, pamene m'khansa yofala ija APC amawonongeka mwa pafupifupi 80. Mlonda akafa poyamba, mbala imalowa osagogoda. Nyimbo za majini zidatsimikiza zomwezo. Mu 2015 akatswiri a m'maiko angapo adagawa khansa ya m'thumbo m'magulu anayi potengera kagwiridwe ntchito ka majini mwa odwala oposa 4,000. Mu 2021 gulu la ku Helsinki litayeza zotupa za odwala IBD pa sikelo imeneyi, lidapeza kuti gulu lalikulu lija loyendera njira imene APC amailondera mudalibe, ndipo zambiri zidagwera m'gulu lachinayi, lodzaza ndi minyewa yonga zipsera, limene limakonda kubwereranso pambuyo pa opaleshoni.

Chachiwiri, vuto silikhala pamalo amodzi koma m'munda monse. Khansa yofala ija ili ngati chulu: umachiona patali, umapita ndi khasu n'kuchigumula. Ya colitis ili ngati kaufiti. Mlimi aliyense amadziwa kuti timaluwa tofiira tija tikamaonekera, chimanga chimakhala chitayamwidwa kale pansi pa nthaka, ndipo si phando limodzi. Mu 2007 Toshiaki Watanabe ndi anzake ku Tokyo adatapa tinyama pamalo opanda khansa mwa odwala colitis 53, amene 10 mwa iwo anali ndi khansa kwina m'thumbomo. Adapeza majini 40 amene ankaimba mosiyana mwa anthu 10 amenewo. Mu 2013 Joel Pekow ndi anzake ku Chicago nawonso adapeza kuti khungu looneka labwinobwino limasiyana kagwiridwe ntchito ka majini ngati kwinakwake m'thumbomo muli kupotoka. Apa m'pamene pagona chiyembekezo chonse: kuti kanyama kotapidwa pafupi ndi khomo, posavuta kufikapo, kadzatha kuulula za khansa yobisala kutali, kapena imene sidabadwe.

Chachitatu, ndipo kwa ine chachikulu, khansa imeneyi ndi mwana wa moto wa kutupa. Rudolf Virchow wa ku Germany adaziganizira mu 1863, koma umboni wa mmene zimachitikira udabwera mochedwa. Mu 2004 Florian Greten, ali mu labotale ya Michael Karin ku San Diego, adazimitsa m'mbewa jini limodzi loyatsa NF-kB, amene ali ngati mng'oma woitanira asilikali a thupi kunkhondo. Atalizimitsa m'khungu la thumbo, zotupa zidachepa kwambiri; atalizimitsa m'maselo a chitetezo, zotupa zidachepa msinkhu. Mu 2009 magulu awiri adaonetsa kuti uthenga wa IL-6, wodzera mu STAT3, umauza maselo owonongeka kuti asafe koma aziswana. M'chaka chomwecho cha 2004, Matthew Rutter wa pa St Mark's adapeza mwa anthu enieni kuti kutupa kukamakula pa maikulosikopu, chiopsezo cha khansa chimakulanso. Mbewa ndi munthu adanena mawu amodzi. Kumapeto kwa 2019 magulu awiri a ku Japan, la ku Kyoto ndi la pa yunivesite ya Keio, adawonjezera chinthu chodabwitsa. Adapeza kuti m'thumbo lotupa zaka zambiri, maselo amene atseka makutu ku uthenga wa kutupa wotchedwa IL-17 amafalikira ngati msipu pa lupsa, koma a ku Kyoto adaona kuti kusintha kwa jini la NFKBIZ kochititsa zimenezi sikupezeka kawirikawiri m'khansa yeniyeniyo. Ndiye kuti si kusintha kulikonse kumene kuli njira ya kumanda. Kwina ndi thupi kudziteteza.

Chikomekome cha nkuyu

Zonsezi n'zokoma kumva. Koma bwererani kwa munthu uja tamusiya pamphambano. Papita zaka zoposa 15 chilembedwere majini 40 a ku Tokyo, ndipo malangizo a madokotala akudalirabe kamera ndi maikulosikopu. Palibe mndandanda wa majini umene walowa m'chipatala kuti uzigamula za thumbo la wodwala colitis. Zifukwa zake n'zomveka. Odwala amakhala ochepa pamene majini ndi ochuluka. Mutatenga anthu 10 pamsika, ena 43 pa depoti, n'kuwafunsa mafunso 20,000, simungalephere kupeza mafunso 40 amene magulu awiriwo ayankha mosiyana, ngakhale kusiyanako kutakhala kwa mwayi chabe. Komanso phokoso la kutupa ndi lalikulu moti limakwirira kanong'onong'o ka khansa, ndipo kanyama kamodzi kamakhala ndi maselo amitundumitundu osakanikirana, mwakuti sudziwa ngati nyimbo yasintha kapena oimba ndiwo asintha. Chinanso, kafukufuku wambiri amayeza anthu amene khansa idawagwira kale. Kuloza mvula imene ikugwa si ulosi. Wolosera weniweni ayenera kuyeza lero, kulemba yankho lake, kudikira zaka 5 kapena 10, kenako n'kuona ngati adalondola.

Anzathu ofufuza khansa ya m'mawere adadutsa njira yomweyi, ndipo ali ndi zotiphunzitsa. Magulu awiri a ku Netherlands adatulutsa mindandanda yolosera za khansa imeneyi, wina wa majini 70 mu 2002, wina wa majini 76 mu 2005, ndipo majini opezeka m'mindandanda yonse iwiri anali 3 okha. Komabe wa majini 70 uja udavomerezedwa ku America mu 2007, ndipo udayesedwa mwa amayi oposa 6,000 m'kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2016. Lero umathandiza amayi ena kupewa mankhwala owawa a khansa amene sakadawapindulira. Ndiye kuti njira ilipo, kungoti ndi yaitali ndipo ilibe chidule.

Amene adafuna chidule adavulaza anthu. Mu 2006 Anil Potti wa pa yunivesite ya Duke ku America adalengeza kuti kagwiridwe ntchito ka majini kangasankhire wodwala khansa mankhwala omuyenera. Odwala oposa 100 adalowetsedwa m'mayeso otengera zimenezi. Akatswiri awiri a masamu a ku Houston, Keith Baggerly ndi Kevin Coombes, adatenga ziwerengero zake n'kuziwerenganso, napeza mizere yosemphana ndi maina osinthanitsidwa, wodwala womva mankhwala atalembedwa kuti samva. Adakuwa zaka zingapo akuluakulu osawamvera, mpaka mayesowo adaimitsidwa mu 2010, zolemba zambiri zidabwezedwa, ndipo mu 2015 ofesi ya boma yoona za chilungamo pa kafukufuku idagamula kuti padali chinyengo. Taonani chimene chidapulumutsa anthu: si ulemu wa yunivesite, koma anthu awiri akunja amene adaloledwa kuona mabuku. N'chifukwa chake nkhokwe yotseguka ngati GEO ndimaiikira kumbuyo ndi mtima wonse. Koma nkhokwe yomweyo yabalanso ulesi. Masiku ano mwadzaza zolemba za anthu amene sadaonepo wodwala ngakhale mmodzi, ongotenga ziwerengero zakale za odwala ochepa omwewo, kuzipera pa kompyuta, n'kulengeza kuti apeza majini asanu kapena khumi ofunika kwambiri. Kupera gaga kambirimbiri sikumusandutsa ufa woyera.

Sindikunena kuti palibe chikuyenda. Mu Januwale 2025 akatswiri a ku Institute of Cancer Research ku London, mogwirizana ndi St Mark's, adafalitsa zotsatira za odwala IBD 122 amene anali ndi kupotoka kwa maselo kocheperako. Adayeza ngati zigawo za DNA zatayika kapena zachulukitsidwa m'tinyama tawo, ndipo adati njirayi idalosera molondola koposa 90 pa 100 za amene adzafika poipa m'zaka 5. Iyi ndi njira yoyang'ana buku lenilenilo, osati nyimbo, komabe ndi chipatso cha mtengo womwewo, ndipo ikuyankha funso lenileni la munthu wa pamphambano. Chatsala ndi kuiyesa mwa odwala ambiri, m'zipatala zosiyanasiyana, poyang'ana kutsogolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi ife zikutikhudza?

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena chamumtima: imeneyo ndi nthenda ya azungu, ife tili ndi malungo, khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kummero, tisataye nthawi. Mbali ina mukunena zoona, ndipo sindingauze boma kuti lisiye katemera wa atsikana n'kukagula makina owerenga RNA. Khansa yobadwa ku IBD ndi kagawo kakang'ono ka khansa yonse ya m'thumbo. Koma mawu akuti nthenda ya azungu adatipusitsapo pa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mu 2017 Siew Ng wa ku Hong Kong ndi anzake adaonetsa m'magazini ya The Lancet kuti kuyambira cha m'ma 1990 IBD yakhala ikukwera m'maiko amene akutukuka ku Asia, South America ndi Africa. Ku Leicester adapeza mu 1992 kuti amwenye osamukira kumeneko ankadwala colitis kuposa eni nthaka. Ku Ontario, m'dziko la Canada, kafukufuku wa 2015 adapeza kuti munthu akasamukirako ali wamng'ono chiopsezo chake chimakula, ndipo ana obadwira komweko kwa makolo ochokera kumwera kwa Sahara amadwala mofanana ndi ana a eni dziko. Inu amene mudabwerako kunja mutasiya ana ndi adzukulu ku Britain, ku America kapena ku Johannesburg, nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwanu.

Kuno kwathu nthendayi ili ndi pobisala pambiri. Munthu wotsegula m'mimba mwa magazi timayamba taganiza za kamwazi, za likodzo la m'matumbo kapena za TB ya m'mimba, ndipo nthawi zambiri timalondola. Madokotala a ku Cape Town adalemba mu 2007 za mmene kulili kovuta kusiyanitsa nthenda ya Crohn ndi TB ya m'matumbo m'maiko amene TB ndi yofala. Kulakwitsa pamenepa n'koopsa, pakuti mankhwala amphamvu a IBD monga infliximab, amene adavomerezedwa ku America mu 1998, amafooketsa chitetezo n'kudzutsa TB yogona. Ngati pali malo amene kuwerenga nyimbo za majini kungapindulitse Africa msanga, ndi pamenepa.

Tsoka lake, buku limene akatswiri akuwerenga si lathu. Mu 2016 Alice Popejoy ndi Stephanie Fullerton adawerengera anthu amene adalowa m'kafukufuku wamkulu wa majini padziko lonse, napeza kuti 81 pa 100 anali a mtundu wa ku Ulaya, ndipo a mtundu wa ku Africa anali 3 okha, chikhalirecho Africa ndiye ali ndi majini osiyanasiyana kuposa kwina kulikonse. Kuti izi si nkhambakamwa, taonani jini la NOD2. Mu 2001 lidalengezedwa kuti ndi jini loyamba lodziwika lokhudzana ndi nthenda ya Crohn. Chaka chotsatira madokotala a ku Japan adapeza kuti kusintha kwake kofala mwa azungu mwa odwala awo mudalibe. Muyeso wosulidwa ku London kapena ku Chicago, pa matumbo amene sadaonepo likodzo kapena mgaiwa, sungangotengedwa n'kuikidwa pa munthu wa ku Nsanje popanda kuuyesa. Ntchito ya H3Africa, imene idakhazikitsidwa mu 2010 ndi thandizo la America ndi Wellcome Trust, idaonetsa kuti akatswiri a mu Africa angathe kutsogolera kafukufuku wa majini. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono ndikupempha zitatu. Kwa ofufuza, kulikonse kumene ali: lekani kutiwerengera mindandanda yatsopano chaka ndi chaka. Sonkhanani, phatikizani odwala anu, sankhani muyeso umodzi kapena iwiri, itsateni zaka 10, ndipo ziwerengero zanu zikhale poyera kuti wina aziwerengenso. Mutu umodzi susenza denga. Kwa akuluakulu a zaumoyo kuno kwathu: sitikupempha makina a mamiliyoni. Tikupempha kaundula wa odwala IBD pambali pa kaundula wa khansa amene tili naye ku Blantyre, madokotala ambiri odziwa kuunika matumbo, akatswiri a maikulosikopu okwanira, ndi kusunga bwino tinyama totapidwa, mwini wake atafotokozeredwa m'chinenero chake n'kuvomera. Kanyama kosungidwa lero pamodzi ndi mbiri ya mwini wake ndiko kadzayankhe mafunso a mu 2040, ndipo kakatuluka m'dziko muno tizidziwa kumene kapita ndi chimene chibwerere kwa eni ake.

Chachitatu n'cha inu awerengi. Zaka 30 za kafukufuku wa majini zatsimikiza chinthu chimene sichifuna labotale kuti muchichite: moto ukazima msanga, munda supsa. Ngati dokotala adakupezani ndi colitis kapena nthenda ya Crohn, musasiye mankhwala chifukwa chakuti mwayamba kupeza bwino, pakuti kutupa kumatha kunyeka chamumtima ngati moto wa mankhusu. Werengani zaka kuyambira pamene zizindikiro zidayamba, ndipo zikafika 8 funsani za kuunikidwa, musadikire kuitanidwa. Ngati muli ndi nthenda ya njira za ndulu yotchedwa PSC, kuunikako kumayamba nthawi yomweyo ndipo n'kwa chaka ndi chaka. Ngati kholo kapena mbale wanu adadwala khansa ya m'thumbo, muuzeni dokotala. Ndipo inu amene simudapimidwepo koma magazi akhala akubwerabwera kwa milungu, mwamwa mankhwala a kamwazi kawiri katatu osasintha, thupi likutha, pitani kuchipatala mukatchule zinthu ndi maina ake. Safunsa adadya phula. Tsiku limene majini adzatha kuuza wodwala motsimikiza kuti thumbo lako lisunge kapena lichotse lidzafika, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuomba m'manja. Koma lidzapindulira okhawo amene adzakhale adakali moyo, ndi okhawo amene adawerengedwa.